Kalata yotseguka kwa oyang'anira maphunziro ndi zaumoyo m'boma la Mulanje: zomwe timauza ana athu za nkhawa zikuwadwalitsa

Olemekezeka akuluakulu oyang'anira maphunziro ndi zaumoyo m'boma lathu, mafumu athu, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi aakulu ndi makomiti a sukulu,

Ndikupereka moni kwa inu nonse mwaulemu, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine mayi, mphunzitsi wopuma pa ntchito amene ndinagwira choko zaka zoposa 30 m'sukulu za pulayimale za kuno kunsi kwa phiri, ndipo masiku ano ndimathandiza gulu la amayi loyang'anira ana pa sukulu ya m'mudzi mwathu. Ndasankha kulemba poyera m'malo mokanong'oneza ku ofesi chifukwa nkhaniyi eni ake ndi ambiri, ndipo ndikufuna kuti makolo anzanga aimve nawo.

Chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi ganizo lomwe lachitika m'sukulu zingapo za m'dera lathu. Namondwe wa Freddy atadutsa m'mwezi wa Marichi 2023, ana atabwerera m'makalasi omwe ena anali atasanduka misasa ya anthu osowa pokhala, aphunzitsi ena achifundo anapatula ola limodzi pa sabata loti ana azikhala pansi pa mtengo n'kumakamba zomwe zikuwasautsa mumtima. Ola limenelo tsopano lachotsedwa kwa ana a Sitandade 7 ndi 8, akuti nthawi yachepa ndipo anawo azibwereza mapepala a mayeso akale. Nditafunsa chifukwa chake pa msonkhano wa makolo, ndinayankhidwa kuti mwana wa mayeso ayenera kukhala ndi nkhawa, popeza nkhawayo ndiyo imamukhozetsa. Makolo ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Sindikuwaweruza, chifukwa inenso mawu omwewo ndinawalankhulapo kwa ana a eni kwa zaka zambiri ndikuganiza kuti ndikuwathandiza, ndipo lero ndimamva chisoni ndikakumbukira nkhope zina.

Mundilole ndifotokoze kaye zomwe akatswiri a za maganizo anapeza, kuti madandaulo anga asaoneke ngati zongoganizira gogo wokhala pakhonde. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati pa achinyamata 7 alionse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la maganizo, ndipo nkhawa yopitirira muyeso ndi limodzi mwa mavuto ofala kwambiri pa msinkhu umenewu. Nkhawa payokha si matenda, aliyense amakhala nayo. Funso lomwe linavutitsa akatswiri ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mwa ana awiri okhala ndi mavuto ofanana, wina nkhawa imamubwerera n'kupita, pomwe mnzake imamumanga mpaka kulephera kugona, kudya ndi kuphunzira. Mu 1995, katswiri wa ku Britain, Adrian Wells, anafotokoza kuti mbali yaikulu ya yankho ili pa zomwe munthu amakhulupirira zokhudza nkhawa yeniyeniyo. Iye anasiyanitsa zikhulupiriro za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi woti nkhawa ndi yothandiza: imandikonzekeretsa, imanditeteza, ndikaileka choipa chindigwera. Mtundu wachiwiri ndi woti nkhawa ndi yoopsa komanso yosaletseka: ikangoyamba sindingaiimitse, indidwalitsa, indipengetsa. Mu 2004, Sam Cartwright-Hatton ndi anzake anakonza mafunso oyezera zikhulupiriro zimenezi mwa achinyamata, kenako ena anakonza oyenera ana ocheperapo, ndipo zomwe zakhala zikupezeka mobwerezabwereza n'zakuti ana okhulupirira kwambiri kuti nkhawa ndi yoopsa ndiponso yosaletseka ndiwo amakhala ndi nkhawa yochuluka. Chikhulupiriro choti nkhawa imathandiza chimapezeka ngakhale mwa ana omwe ali bwinobwino, koma chimatsegula khomo, ndipo chachiwiri chija ndicho chimatsekera mwana m'katimo.

Tsono taonani zomwe ife timachita kuno kwathu. Zikhulupiriro ziwirizi timazidzala tokha, m'mwana mmodzi yemweyo, kawirikawiri tsiku limodzi lomwelo. M'mawa ku sukulu amauzidwa kuti wosadandaula ndiye wolephera. Madzulo kunyumba akapezeka ali duu, wagwira tsaya, amauzidwa kuti usamaganize kwambiri, upenga, maganizo amapha. Mwanayo amapezeka kuti akuopa kusiya nkhawa, akuopanso kukhala nayo, ndipo alibe kolowera.

Dandaulo langa loyamba ndi la kuopseza ana ngati njira yowakonzekeretsa mayeso. Ndikudziwa chomwe chimatikakamiza: malo ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana olemba mayeso a Sitandade 8, ndipo kholo lomwe limatchola tiyi pa esiteti kapena kuyendera ganyu limaona kusankhidwa kwa mwana wake ngati khomo lokhalo lotulukira mu umphawi. Aphunzitsi nawonso amayesedwa ndi chiwerengero cha ana omwe akhoza. Koma mtsikana wina wa zaka 14 wa m'gulu lomwe ndimaliyang'anira anamva pa asembule kuti amene akugona tulo usiku ndiye kuti wavomera kale kulephera, ndipo anawatenga mawuwo monga momwe analankhulidwira. Mayi ake anandiuza monyadira kuti mwanayo amachezera ndi tochi mpaka atambala. Nditacheza naye ndinapeza kuti makope amangowatsegula koma sawerenga, amakhala akuwerengetsa m'mutu zomwe zidzachitike akadzalephera, zomwe adzanene anthu kubwalo la mpira ndi kumjigo, ndi komwe adzapite. Nditamufunsa chifukwa chomwe sangogonera, anandiyankha kuti akasiya kudandaula adzalephera ndithu, poti mayeso a teremu yatha anakhoza chifukwa anadandaula kwambiri. Apa m'pamene pali msampha, olemekezeka. Mwana akada nkhawa n'kukhoza, ulemu amaupereka kwa nkhawayo osati kwa khama lake, ndipo ulendo wotsatira amawonjezera. Chikhalirecho n'zodziwika kuti nkhawa imadya malo m'maganizo omwe mwana amafunika kuti agwire manambala a samu kapena atsatire chiganizo chachitali, ndiponso kuti kusagona kumachepetsa kukumbukira zomwe waphunzira. Kukonzekera n'kutsegula buku ndi kuyankha funso, pomwe kudandaula n'kuzungulira pamalo amodzi, ndipo ife takhala tikuzisokoneza ziwirizi pamaso pa ana.

Mchitidwe woitana mayina a ana omwe akhala kumapeto pa mayeso oyeserera, pamaso pa sukulu yonse, nawo ndi nthambi ya mtengo womwewu. Ndinaona mnyamata wina akujomba sabata yonse kuopa tsiku limenelo.

Dandaulo lachiwiri ndi la ana omwe anadutsa m'ngozi za madzi, omwe tawaiwala msanga. Mwana amene ali mu Sitandade 8 kuno ku Mulanje wakula akuona zambiri. Anali wamng'ono pomwe mphekesera za anamapopa zinasowetsa anthu tulo mu 2017, anakhala pakhomo miyezi ingapo sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu 2020, anaona namondwe wa Ana mu Januwale 2022, kenako Freddy, yemwe anapha kapena kusowetsa anthu oposa 1,000 m'dziko muno ndipo anasiya anthu oposa theka la miliyoni opanda pokhala. Ena mwa anawa anamva ndi makutu awo miyala ikugubuduzika kuchokera m'phiri usiku, zomwe agogo awo amazitcha Napolo pokumbukira zomwe zinachitika ku Phalombe mu 1991. Mantha awo ali ndi maziko, ndipo sindikunena kuti tiwauze kuti madzi sadzabweranso. Chomwe chikundipweteka n'china. Mnyamata wina wa zaka 11, amene nyumba yawo inagwa, mvula ikangoyamba kumenya malata amadzuka n'kukhala tsonga mpaka kucha. Iye anandiuza kuti usiku wa ngozi uja anali atagona osaganizira kanthu, ndiye chifukwa chake madzi anawadzidzimutsa, ndipo akapitiriza kuganizira za madziwo banja lawo lipulumuka. Mwana wa zaka 11 wadzisenzetsa udindo wolondera mtsinje ndi maganizo ake. Usiku uliwonse womwe madzi sabwera, iye amatsimikiza kuti ulonda wake wagwira ntchito. Chomwe akusowa ndi munthu wamkulu womuuza kuti chimateteza banja ndi kumvera machenjezo a zanyengo pa wayilesi, kudziwa njira yothawira kumtunda ndi kudziwa woti n'kumuuza, ndipo zimenezi zikakonzedwa masana, usiku ndi wogona. Ola la pansi pa mtengo lija ndi malo okhawo omwe mnyamatayu analankhulapo zimenezi.

Dandaulo lachitatu ndi lomwe ndikufuna mulimvetsetse kwambiri, chifukwa ndi lomwe limadwalitsa ana koposa. Ndi mawu oti upenga. Timawalankhula mwachikondi, pofuna kuti mwana asiye kuganiza, koma mwana amawamva ngati chiweruzo. Mtsikana wina wa Fomu 2, amene bambo ake anapita ku Joni ndipo anasiya kutumiza uthenga, ankangokhala chete, ndipo azakhali ake anamuchenjeza kuti akapitiriza choncho adzakhala ngati bambo uja amayenda akutola mapepala pa msika. Kuyambira tsiku limenelo nkhawa yake inasintha nkhope. Anasiya kudandaula za bambo ake okha, n'kuyamba kudandaula za kudandaula kwakeko. Ankati akamva mtima ukugunda, manja akutuluka thukuta, mpweya ukubanika, amati misala ija yayamba, ndipo mantha amenewo amachititsa mtima kugunda kwambiri, iye n'kutsimikiza kuti azakhali ananena zoona. Zizindikiro zimenezi ndi momwe thupi limadzikonzera kuthawa ngozi, zimasautsa koma zimatha zokha, ndipo nkhawa yotere si chiyambi cha misala. Panalibe womuuza zimenezi.

Anayesa njira yomwe tonse timalangiza, yoti angochotsa maganizowo m'mutu. Koma maganizo sachoka ndi kukankha. Katswiri wina wa ku America, Daniel Wegner, anaonetsa mu 1987 kuti munthu akauzidwa kuti asaganize za chinthu china chake, chinthucho chimabwerabwera m'mutu mwake. Mphunzitsi aliyense angayese mawa lomwe: auze kalasi kuti kwa mphindi imodzi pasapezeke woganiza za chinanazi, kenako afunse amene wakwanitsa. Mwana amene wauzidwa kuti asiye kuganiza, n'kulephera, amatenga kulepherako ngati umboni woti mutu wake wawonongeka. Choncho langizo lathu lachikondi lija limalimbitsa chikhulupiriro chomwe chikumudwalitsa.

Dandaulo lachinayi likukhudza zomwe zimachitika mwana wotere akafika ku chipatala. Mtsikanayu anapita kawiri ku chipatala china chaching'ono akudandaula mutu, m'mimba ndi kugunda kwa mtima. Anamuyeza malungo, sanawapeze, anamupatsa panado n'kubwerera. Kuyeza malungo ndi kuona ngati magazi ndi okwanira n'koyenera, ndipo ndikudziwa kuti wachipatala mmodzi amaona mzere wautali wa odwala tsiku lililonse. Koma palibe amene anamufunsa chomwe akuganiza kuti chikumuchitikira, funso lomwe silitenga ngakhale mphindi ziwiri. Banja litamva kuti ku chipatala sanapeze kanthu, linaganiza za kulodzedwa, linagulitsa mbuzi, ndipo mwanayo anamva akuluakulu akukambirana pamaso pake kuti pali munthu amene akufuna kumuzunguza mutu. Anasiya sukulu teremu yathunthu. Ambiri kuno tikamva za matenda a maganizo timangoganiza za chipatala cha ku Zomba, ndipo kholo limabisa mwana kuopa kuti dzina lake lingamveke pamodzi ndi malo amenewo, pomwe chithandizo chomwe ana ambiri otere akusowa ndi kucheza nawo mwaluso pafupi ndi kwawo.

Chomwe chinamuthandiza mtsikanayu sichinafune ndalama. Tinagwirizana kuti nkhawa ikabwera m'kalasi, asalimbane nayo, angoilemba m'mawu awiri kumapeto kwa kope n'kuiuza kuti tionana 4 koloko, ndipo nthawiyo ikakwana akhale nayo kwa mphindi 15 basi. Iyi ndi njira yodziwika pa chithandizo cha nkhawa, ndipo cholinga chake n'chakuti munthu adzionere yekha kuti chinthu chomwe angathe kuchiikira nthawi si chosaletseka. Masiku ambiri 4 koloko ikamakwana amapeza kuti zina mwa zomwe analemba zatha mphamvu. Tinasiyanitsanso nkhawa zomwe angachitepo kanthu, monga kusowa makope, zomwe tinazitengera ku gulu la amayi, ndi zomwe sangachitepo kanthu, monga tsiku lomwe bambo ake adzaimbe foni. Sanachire tsiku limodzi, ndipo za bambo ake zimamupwetekabe, koma anabwerera ku sukulu. Anzathu a ku Zimbabwe, kudzera m'ntchito ya Friendship Bench yomwe anayambitsa Dixon Chibanda, anaonetsa kuti agogo wamba ophunzitsidwa bwino angathe kuthandiza anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri atakhala pa benchi panja pa chipatala. Kuno agogo tilipo, magulu a amayi alipo, alangizi a zaumoyo alipo m'midzi, chomwe tikusowa ndi maphunziro ake ndi chilolezo chanu.

Pali mawu enanso omwe ndikupempha makolo anzanga tiwasiye, oti mwana angadandaule chiyani poti alibe banja ndipo akudya zaulere, komanso oti mwamuna salira. Mwana wa zaka 7 kapena 8 amatha kale kufotokoza zomwe amaganiza za maganizo ake ngati wafunsidwa modekha, ndipo zambiri amatengera kwa ife. Mayi amene amanena tsiku ndi tsiku kuti maganizo andipha ine, BP yandikwera chifukwa cha inu, akuphunzitsa mwana kuti kuganiza ndi poizoni, ngakhale sakudziwa. M'mera mpoyamba, ndipo chikhulupiriro chomwe chamera mu Sitandade 3 chimafika nacho munthu ku ukulu.

Pa zifukwa zimenezi, ndikupempha mwaulemu zinthu izi:

1. Ola lokambirana libwezeretsedwe m'sukulu zomwe linachotsedwa, makamaka kwa ana a Sitandade 7 ndi 8, ndipo lilembedwe pa ndondomeko ya sabata kuti lisamadalire chifundo cha mphunzitsi mmodzi. M'sukulu za sekondale likhalepo kwa a Fomu 2 ndi Fomu 4 omwe akuyembekeza mayeso a JCE ndi MSCE.

2. Alangizi a maphunziro a m'mazoni alembere aphunzitsi aakulu kuti kuitana mayina a ana olephera pa asembule kuthe, zotsatira ziziperekedwa kwa mwana ndi kholo lake, ndiponso kuti ana asamauzidwe kuti kugona kapena kudekha ndi chizindikiro cha ulesi.

3. Pa maphunziro owonjezera omwe aphunzitsi amachitira m'malo awo a m'zoni, papatulidwe tsiku limodzi loti anamwino odziwa za matenda a maganizo awafotokozere zikhulupiriro ziwiri zija, kusiyana kwa kukonzekera ndi kudandaula, zomwe thupi limachita munthu akachita mantha, ndi njira yoikira nkhawa nthawi yake. Zimenezi zilowenso m'phunziro la Life Skills m'mawu omwe ana amalankhula, m'Chichewa ngakhalenso m'Chilhomwe komwe kukufunika, ndipo magulu a amayi aitanidwe nawo.

4. Mwana akafika ku chipatala ndi mutu, m'mimba kapena kugunda kwa mtima mobwerezabwereza koma kuyeza osapeza matenda, afunsidwe zomwe zikumudetsa nkhawa ndi zomwe akuganiza kuti nkhawayo imuchita, ndipo kholo lifotokozeredwe momveka kuti kusapezeka kwa malungo sikutanthauza kuti mwanayo walodzedwa kapena akunama. Pakhale njira yodziwika yotumizira ana omwe vuto lawo lakula kwa odziwa za maganizo ku boma, ndipo mwana aliyense amene walankhula zodzichotsera moyo aonedwe tsiku lomwelo.

5. Nyengo ya mvula isanayambe, sukulu za m'mbali mwa mitsinje ya Ruo, Muloza, Lichenya, Likhubula ndi Thuchila komanso za m'tsinde mwa phiri ziyeserere pamodzi ndi ana ndi makomiti a za ngozi a m'midzi njira yothawira madzi, kuti mwana adziwe kuti pali dongosolo ndi akuluakulu olisunga, atule udindo wolondera usiku.

6. Nambala yaulere yothandizira ana ya 116 ilembedwe pa khoma la sukulu iliyonse, ndipo ana auzidwe kuti nkhawa nayonso ndi chifukwa chokwanira choimbira.

7. Mafumu athu pa misonkhano ya m'midzi, ndi atsogoleri a zipembedzo pa maguwa, mutithandize kuchotsa mawu oti upenga pakamwa pa makolo, ndipo mwana wovutika ndi nkhawa asamauzidwe kuti chikhulupiriro chake mwa Mulungu n'chochepa, chifukwa pamenepo timamuwonjezera mtolo wina pamwamba pa womwe wasenza kale. Pemphero ndi chithandizo cha ku chipatala zingathe kuyendera limodzi.

8. Mupemphe akatswiri a ku Kamuzu University of Health Sciences abwere kudzamva kwa ana a kuno zomwe iwo amakhulupirira za nkhawa, m'chilankhulo chawo, kuti zomwe tiziphunzitsa zichokere pa zomwe ana a ku Mulanje anena okha.

Zopempha ziwiri zoyambirirazo sizifuna ndalama ngakhale tambala imodzi, ndipo zingathe kuchitika mayeso oyeserera akubwerawa asanalembedwe. Ndikupempha kuti yankho lanu liperekedwe pa misonkhano ya makolo ya teremu ino, pomwe mawu oti nkhawa imakhozetsa mwana analankhulidwira, kuti omwe anawamva amvenso kuwongola kwake. Ine ndi amayi anzanga a m'gulu lathu tili okonzeka kubwera kulikonse komwe mungatiitane, ndipo makolo a atatu mwa ana omwe ndawatchula m'kalatayi, popanda mayina awo, avomera kudzafotokoza okha zomwe anaona ngati mungafune kuwamva.

Ndine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pa ntchito ndi membala wa gulu la amayi,
Kudera la Muloza, Mulanje